Buku la kemisitili ya madzi musalisankhe chifukwa choti ndi lotchuka

Kosi ya kemisitili ya madzi achilengedwe ikamayandikira kuyamba funso limakhala lomwelomwelo, tigwiritse ntchito buku liti, ndipo anthu ambiri sachedwa kuyankha, amati tengani lija lalikulu lija limene aliyense amalitchula m'mapepala a kafukufuku. Ine ndikukana. Buku loyambira liyesedwe ndi chinthu chimodzi basi: wophunzira akamaliza nalo, mutamupatsa pepala la zotsatira za ku labu, kaya ndi madzi a mumtsinje kaya a pamjigo, athe kuliyang'ana ndi pensulo m'manja n'kunena kuti manambala awa akugwirizana, kapena kuti apa pali bodza penapake. Buku limene silingamufikitse pamenepo, kaya linalembedwa ndi akatswiri otani, si la chaka choyamba cha phunziroli.

Lalikulu ndikunenali mukulidziwa, ndi Aquatic Chemistry la Werner Stumm ndi James Morgan, linatuluka koyamba mu 1970 ndipo lachitatu lake linabwera mu 1996, masamba opitirira 1,000. Sindikulinyoza ayi, phunziroli monga tikulidziwira lero linaumbidwa kwambiri ndi bukuli, ndipo mphunzitsi aliyense wa kosi imeneyi ayenera kukhala nalo pafupi. Koma linalembedwera munthu amene physical chemistry anaimwa kale n'kuikhuta. Chaputala chachiwiri chomwechi mwalowa kale mu thermodynamics, ndiye taganizani munthu amene anabwera kudzera ku biology kapena ku za nthaka, amene logarithm anaisiya kalekale, atsegule pamenepo sabata yachiwiri ya semesita. Amangoti kakasi, kenako amayamba kuloweza ma equation pamtima kuti angokhoza mayeso, ndipo kemisitili ya madzi yoloweza ilibe ntchito ina iliyonse kunja kwa chipinda cha mayeso.

Ndiye mukagwira buku lililonse limene mukuliganizira, musayambe ndi mawu oyamba a wolemba, onse amalonjeza zofanana. Pitani molunjika pa chaputala cha carbonate ndi alkalinity, imene ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi. Pamenepo ndi pamene buku limadziulula, chifukwa pafupifupi chilichonse cha m'madzi achilengedwe chimadutsa pamenepo. Mpweya wa carbon dioxide umasungunuka m'madzi n'kupanga asidi wofooka, asidiyu amataya hydrogen wake kawiri, koyamba cha pa pH 6.35 kachiwiri cha pa 10.33 ngati madzi ali pa madigiri 25, ndipo poti madzi ambiri a m'mitsinje ndi apansi panthaka amakhala pakati pa manambala awiriwa, bicarbonate ndi amene amachuluka. Izi buku lililonse limalemba. Chimene chimasiyanitsa mabuku ndi mmene amafotokozera kuti alkalinity si pH, chifukwa apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, ena mpaka kumaliza digiri asanadzuke.

Tiyerekeze mabotolo awiri patebulo, onse mita ikuwerenga pH 7.5. Lina madzi ake anadutsa m'miyala ya laimu, lina anachokera kudera la miyala ya granite. Mudonthezemo asidi wofanana m'mabotolo onse. La ku granite lija pH imatsika msangamsanga madontho ochepa okha, pamene la ku laimu mita imangosuntha pang'ono ngati simunachite kanthu, mpaka mupitirize kudontheza kwa kanthawi ndithu kuti mufike cha pa 4.5 pamene titration, kuyeza kodontheza asidi kumeneku, imathera. pH ili ngati ndalama zimene zili m'thumba lero, alkalinity ndi zimene munasunga kubanki, anthu awiri akhoza kutulutsa zofanana m'thumba koma vuto likagwa mmodzi yekha ndi amene amapirira. Buku labwino limakutengani pang'onopang'ono mpaka muone chinthu chodabwitsa chija, chakuti mukapopera carbon dioxide m'madzi pH imatsika koma alkalinity siisintha ngakhale pang'ono. Wophunzira akamvetsa chifukwa chake, osati kungoloweza, theka la kosi walithana nalo. Ngati buku langoponya tanthauzo la alkalinity mu equation imodzi n'kuthamangira kutsogolo, libwezeni pashelefu.

Chachiwiri chimene ndimayang'ana, ndipo anthu amachiona ngati chaching'ono, ndi ma unit. Olemba ena amakonda kukhala m'dziko loyera la ma mole pa lita kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, zonse zaukhondo, koma palibe labu ya madzi imene idzakupatseni lipoti lotero. Lipoti limabwera mu mamiligalamu pa lita, alkalinity ndi hardness (kuchuluka kwa calcium ndi magnesium) amazilemba ngati calcium carbonate, zina mu ma microgram, ndipo nthawi zina amene anataipa anaiwala kulemba kuti nambalayo ndi ya chiyani. Tengani nitrate. Malire a World Health Organization m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita, kuwerengera nitrate yense. Ku America malire ndi 10, koma iwo amawerenga nitrogen yekha wa mu nitrate-mo. Munthu wosadziwa angaganize kuti aku America ndi okhwimitsa kasanu, pamene zoona zake manambala awiriwa ndi oyandikana kwambiri, chifukwa 10 wa nitrogen ndi pafupifupi 44 wa nitrate, mumangochulukitsa ndi 4.43. Tsono lipoti likangoti 20 osanena zambiri, mwina madziwo ali bwinobwino, mwina ali pa 88 ndipo sayenera kupatsidwa kwa khanda. Buku limene silikakamiza wophunzira kusinthasintha ma unit mpaka atazolowera likumutumiza kuntchito ali wosakonzeka.

Ndipo apa ndi pamene pamabwera kachiyeso kamene ndimakakonda kwambiri, ka charge balance. Madzi sakhala ndi chaji yotsala, ma ion a positive ndi a negative ayenera kufanana mukawawerenga mu milliequivalent, muyeso wowerenga chaji osati kulemera. Nachi chitsanzo chongopanga kuti masamu aphweke: calcium mamiligalamu 40 pa lita, ameneyo ndi ma milliequivalent 2, magnesium 12 ndi pafupifupi 1, sodium 23 ndi 1, mbali iyi yakwana 4. Mbali inayo chloride 35.5 ndi 1, ndiye pamzere wa alkalinity alemba 150. Wophunzira wothamanga atenga 150 uja ngati bicarbonate, agawa ndi 61, apeza 2.46, aphatikiza ndi chloride zikwana 3.46, ndipo mbali ziwirizi zasiyana ndi pafupifupi 7 peresenti, kupitirira 5 peresenti imene anthu ambiri amailola. Ayamba kudandaula kuti labu yalakwitsa, kapena kuti sulfate sanamuyeze. Koma 150 uja anali wa calcium carbonate, amene mumagawa ndi 50, yankho ndi 3 ndendende, mbali zonse 4 ndi 4, lipoti linali labwino kuyambira pachiyambi. Masamu ake ndi a ku sekondale, palibe chovuta, koma munthu amene sanachitepo zimenezi kambirimbiri ndi manja ake sadzaona msampha umenewu. Fufuzani m'bukumo ngati muli ma analysis enieni a madzi enieni, okhala ndi zoperewera zake, osati madzi ongoganizira a sodium chloride ndi asidi mmodzi.

Pa nkhani imeneyi pali buku lakale la John Hem la bungwe la United States Geological Survey, Study and Interpretation of the Chemical Characteristics of Natural Water, lachitatu lake ndi la 1985 ndipo limapezeka laulere pa intaneti. Silinalembedwe ngati buku la m'kalasi, ndiye lokha silingayendetse kosi, koma limatenga chinthu chilichonse chosungunuka m'madzi n'kunena kumene chimachokera ndi kuchuluka kumene mungayembekezere. Kuliika pambali pa buku lophunzirira ndi nzeru, palibe chimene mwataya.

Funso lina limene dipatimenti imayenera kudzifunsa isanasankhe ndi lakuti madzi ake ndi ati. Mutu wa kosi umamveka ngati umodzi koma mabuku ake amachokera m'nyumba zosiyana. Olembedwa ndi ma injiniya amakokera ku zoyeretsa madzi, chlorine, kuchotsa hardness ndi laimu, dzimbiri la m'mapaipi. Olembedwa ndi a geology amayamba ndi mmene miyala imafumbutukira, dongo, madzi oyenda pansi panthaka kwa zaka mazanamazana. A za nyanja ya mchere ali ndi dziko lawolawo, chifukwa madzi okhala ndi magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ali ndi ionic strength (muyeso wa kuchuluka kwa ma ion m'madzi) ya pafupifupi 0.7, pamene equation ya Davies, yowerengera mmene ma ion amasokonezerana, imene mabuku a madzi opanda mchere amadalira imayamba kulephera cha m'ma 0.5, ndipo manambala aja a 6.35 ndi 10.33 m'nyanja ya mchere amagwiritsa ena, cha m'ma 5.9 ndi 8.9. Ndiye kupatsa ophunzira za madzi apansi panthaka buku limene theka lake ndi la fakitale yoyeretsera madzi, kapena kupatsa a injiniya buku lodzaza ndi za miyala monga feldspar, ndi kuwazunza chabe. Izi n'zachidziwikire koma zimachitika, kawirikawiri chifukwa mphunzitsi amangotenga buku limene iye anaphunzira nalo.

Tsopano tsegulani tsamba la zamkatimu muone pamene aika redox, kupatsana kwa ma electron pakati pa zinthu, ndi adsorption, kumatirira kwa zinthu zosungunuka pamwamba pa tinthu tolimba. M'mabuku ambiri zimenezi zili kumapeto, ndipo tonse tikudziwa mmene semesita imathera, masabata amatha muli pakati pa buku, machaputala omaliza amangouzidwa kuti mukawerenge nokha, kutanthauza kuti palibe adzawerenge. Vuto ndi lakuti mavuto akuluakulu a madzi akumwa amakhala m'machaputala omwewo. Ku Bangladesh anakumba mijigo yambirimbiri kuyambira m'ma 1970 pofuna kupulumutsa anthu ku matenda otsegula m'mimba obwera ndi madzi a m'maiwe, ndipo madzi ake ankaoneka oyera bwino, koma mu 1993 zinatsimikizika kuti m'mijigo ina muli poizoni wotchedwa arsenic. Palibe fakitale imene inathiramo. Arsenic anali womatirira pa tinthu ta dzimbiri la ayironi m'mchenga wa pansipo, tizilombo tosaoneka ndi maso tikamadya zoola timamaliza oxygen, kenako timatembenukira ku dzimbiri lija n'kulisungunula, ndipo likasungunuka arsenic amamasuka n'kulowa m'madzi. Nkhani yonseyi ndi redox kuphatikiza adsorption, palibenso china. Ya ku Flint ku Michigan, m'dziko la America, mu 2014 nayonso n'chimodzimodzi, mzinda unasintha n'kuyamba kutunga mumtsinje wa Flint osathira mankhwala a phosphate oteteza mapaipi, kansalu ka mkati mwa mapaipi akale kanayamba kusungunuka, lead, chitsulo cha poizoni, n'kufika m'makapu a anthu. Wophunzira amene kosi yake inathera pa chaputala cha asidi sangafotokoze nkhani ziwirizi. Buku lalifupi limene mungalimalize lonse limaposa lalitali limene muthera pakati.

Pali chinanso chokhudza redox chimene ndimafuna buku linene mosabisa, chakuti madzi enieni nthawi zambiri sakhala pa equilibrium, pamene zonse zakhazikika ndipo palibenso chikusintha. Mabuku a phunziroli amamangidwa pa equilibrium chifukwa ndi imene imawerengeka, ndipo pa asidi ndi carbonate imagwira bwino ntchito poti zinthu zake zimachitika mofulumira. Pa redox ayi. Mutha kuviika mita ya Eh, yoyeza redox, m'madzi n'kupeza nambala yooneka bwino, koma nambalayo osagwirizana ndi ayironi amene mwayeza, osagwirizananso ndi sulfate kapena nitrate, chifukwa gulu lililonse likuyenda pa liwiro lake ndipo zambiri zimadikira mabakiteriya. Buku limene limajambula ma diagram okongola a Eh ndi pH osachenjeza za zimenezi limaphunzitsa chikhulupiriro chabodza.

Komanso liziwauza zimene zimachitikira sampulo ikangotuluka pansi. Aliyense amene anatungapo madzi a ayironi wambiri anaziona, amatuluka oyera mbee, muwasiye m'chidebe kwa maola angapo asanduka ofiirira ndipo pansi pakhala matope a dzimbiri. Oxygen wa mumpweya wakumana ndi ayironi wosungunuka uja, ndipo liwiro lake limadalira pH modabwitsa, cha pakatikati apa pH ikakwera ndi 1 yekha liwiro limachuluka ka 100. Nthawi yomweyo carbon dioxide, amene pansi panthaka amakhala wochuluka kwambiri kuposa mumpweya chifukwa cha mizu ndi zoola, akuthawa m'botolomo ndipo pH ikukwera yokha. N'chifukwa chake pH imayezedwa pomwepo pachitsime, ndipo sampulo ya zitsulo imasefedwa n'kuthiridwa asidi musanachoke. Wophunzira wosauzidwa izi adzayeza pH ku labu patatha masiku atatu n'kuikhulupirira ndi mtima wonse.

Ena amati zonsezi zinali zofunika kale, masiku ano kompyuta imachita. Zoona mapulogalamu alipo ndipo ena ndi aulere, PHREEQC ya United States Geological Survey, Visual MINTEQ, ndipo pali mabuku monga la Appelo ndi Postma la madzi apansi panthaka limene mu 2005 linatulukanso lili ndi zitsanzo za PHREEQC paliponse. Ine ndimakondwera ndi buku lotere, wophunzira wa lero ayenera kutuluka akudziwa kuyendetsa pulogalamu imodzi. Koma pulogalamu siikana chimene mwaipatsa. PHREEQC mukaiwala kuiuza kuti manambala anu ali mu mamiligalamu pa lita imawatenga ngati ma millimole, ndiye calcium wanu wa 40 uja, amene ndi millimole imodzi yokha, yamuwerenga kuchulukitsa ka 40, ndipo ikupatsani masamba a zotsatira zooneka zaulemu kwambiri zokuuzani kuti madzi anu akhuta calcite, mwala wa calcium carbonate, mopitirira muyeso. Amene angazindikire kuti apa zasokonekera ndi yekhayo amene anajambulapo ndi dzanja galafu ya log C ndi pH, yoonetsa mmene kuchuluka kwa chinthu chilichonse kumasinthira ndi pH, imene katswiri wa ku Sweden Lars Gunnar Sillén anaitchukitsa, ndipo ali ndi chithunzi m'mutu cha pamene yankho liyenera kugwera. Choncho buku likhale ndi zonse ziwiri, pensulo poyamba kompyuta pambuyo, lisadumphe gawo la pensulolo.

Mtsutso wamphamvu kwambiri umene ndimaumva ndi wakuti mukapatsa ophunzira buku lofewa mutulutsa anthu osazama, kuti yunivesite ndi malo olimbana ndi zovuta. Mbali ina ndikuvomereza, alipo mabuku a za chilengedwe amene amangofotokoza ndi mawu okhaokha, zithunzi zambiri masamu pang'ono, amenewo sindikuwaikira kumbuyo ngakhale pang'ono, kemisitili ya madzi yopanda masamu kulibe. Koma chimene ndikupempha si kufewa. Buku likhoza kukhala lovuta chifukwa nkhani yake ndi yozama, likhozanso kukhala lovuta chifukwa wolemba wadumpha masitepe asanu poganiza kuti aliyense akuwadziwa, ndipo kuvuta kwachiwiriku sikuphunzitsa munthu kanthu, kumangomutayitsa mtima. Lalikulu lija likhale ku laibulale, amene afika pa masters kapena amene chidwi chawagwira adzalipeza, ndipo adzalimva bwino chifukwa maziko ali nawo.

Za kope latsopano kapena lakale musavutike nazo kwambiri. Mabuku amenewa ndi odula, ndipo calcite sanasinthe kasungunukidwe kake chifukwa choti wosindikiza watulutsa chikuto chatsopano. Zimene zimakalamba ndi zochepa ndipo mphunzitsi angazikonze pabolodi. Mabuku akale amawerengera carbon dioxide wa mumpweya ngati 10 ya mphamvu ya -3.5 atmosphere, pafupifupi 316 ppm, zimene zinali zoona cha m'ma 1958 pamene anayamba kuyeza ku phiri la Mauna Loa ku Hawaii, lero tadutsa 420. Mukabwereza masamu a pH ya mvula yoyera ndi nambala yatsopanoyi mupeza kuti yangotsika pang'ono, kuchoka cha pa 5.66 kufika cha pa 5.6, ndipo limenelo lokha ndi funso labwino la homuweki. Malire a madzi akumwa ndi amene muyenera kusamala nawo, arsenic anali pa ma microgram 50 pa lita mpaka World Health Organization inatsitsa kufika pa 10 mu 1993, ndiye tebulo la malire la m'buku lakale lisakhulupiriridwe.

Mafunso a kumapeto kwa chaputala ndi amene wophunzira amakhala nawo usiku, osati ndime zokongola za wolemba, choncho musanagamule khalani pansi muyankheko angapo a pa carbonate inu eni aphunzitsi, ndi wotchi pambali. Ngati funso lapakatikati lakutengerani ola lathunthu inu, dziwani kuti kwa wophunzira ndi usiku wonse. Onani ngati mayankho ena alipo kumapeto kuti munthu wowerenga yekha adziwe ngati akulondola, onaninso ngati manambala a m'zitsanzo akugwirizana ndi a m'matebulo, chifukwa m'mabuku a masamu ambiri chonchi zolakwika za kusindikiza sizisowa ndipo chizindikiro cha minus chimodzi chikasowa pa log K, nambala ya equilibrium ya m'tebulo, wophunzira amadziona ngati mbuli pamene wolakwa ndi buku. Pomaliza penipeni yang'anani matebulo a kumapeto ngati ali ndi ma constant a kutentha kosiyanasiyana. Pafupifupi zitsanzo zonse zimachitikira pa madigiri 25 ngati kuti madzi onse a padziko amakhala mu labu, pamene oxygen yekha amasungunuka mamiligalamu 14.6 pa lita pa madigiri 0, pa 20 atsika kufika 9.1, pa 30 ali cha pa 7.6, ndipo calcite amachita zosemphana ndi zimene ambiri amayembekezera, madzi akamatentha iye amasungunuka mochepa, n'chifukwa chake amaundana m'ma boiler ndi m'mapaipi a madzi otentha. Buku lopanda matebulo amenewa lidzakakamiza wophunzira kusakasaka manambala pa intaneti, kumene adzatola ena a madzi a mchere ena a madzi wamba n'kuwasakaniza mu funso limodzi.